Kodi a John tinawalakwira chiyani oimba nyimbo?

Mlonda_wa_Kapata
Abale anga a kum'mawa, ndabwera ndi dandaulo, ndipo musaseke. Dzina langa loyamba ndine John, ntchito yanga ndi yaulonda pa loji ina muno m'Chipata. Chitulukireni nyimbo ija ya ku South Africa ya John Vuli Gate mu 2020, mtendere ndilibe. Galimoto ikaima pa geti, woyendetsa m'malo moliza hutala amatsitsa galasi n'kuyamba kuimba. Ana a sukulu akamadutsa, nawonso chimodzimodzi. Isanabwere imeneyo kunali ya Yemi Alade ya Johnny, mwamuna wabodza wa zibwenzi mbali zonse, ndipo amayi a kunyumba ankaikweza dala ndikachedwa kufika. Kenaka inabwera ya Sho Madjozi ya John Cena. N'chifukwa chiyani oimba akafuna munthu woti amuseke amathamangira dzina lathu? Nanga alipo John amene munthu ungamutchule pagulu mosachita manyazi?

Katete_Boy
Amdala, tsegulani kaye geti tilowe, tikambirana mkatimo.

Mlonda_wa_Kapata
Mwaona? Ndi zimenezi ndikunenazi.

AmakeTaonga
A Mlonda, mtima pansi. John wa m'nyimbo imeneyo si mlonda ayi. Mawuwo anyamata a Mapara A Jazz anawatenga mu filimu ya Tsotsi ya 2005, ija inapata Oscar chaka chotsatira. Mayi wina wochita bwino akufika pakhomo usiku mvula ili mkati, rimoti ya geti yakana kugwira, ndiye atsika m'galimoto n'kuitana mwamuna wake pa kachipangizo ka pa geti kuti amutsegulire. Mwamunayo ndiye John, mwini nyumba ya mpanda. Nthawi yomweyo mnyamata wachifwamba amuwombera mayiyo n'kuthawa ndi galimoto, osadziwa kuti kumbuyo kuli khanda. Choncho akamakuimbirani dziwani kuti akukukwezani pa udindo, akukuyesani bwana. Ndipo ambiri amene amavina nyimboyo sadziwa kuti akuvinira pa malo achisoni kwambiri a filimu yonse.

Mbuya_waku_Kasama
Imwe ba kum'mawa mbewa zinakulowani m'mutu. Mufunafuna John ku South Africa pamene tili naye wathu muno? Ba John Mwanakatwe, obadwira ku Chinsali. Popanda iwo sembe mukali kukumba mauna, simukanadziwa na kulemba pa foni.

MwanaWaMpezeni
Wodya anyani wafika. Tsukani m'manja kaye musanagwire nkhani ya akulu.

MphunzitsiWopuma
Mbuya wathuyu ngakhale ali wamwano, apa wanena zoona. A John Mwanakatwe ndiwo anali nduna yoyamba ya maphunziro titalandira ufulu mu 1964. Achinyamata simungamvetse mmene zinthu zinalili. Dziko lonseli linali ndi anthu akuda a digiri pafupifupi 100 okha. Kuno kwathu mwana akakhoza bwino, malo a sekondale anali owerengeka, ambiri ankangoyang'ana ku Chizongwe kapena kwa amishoni, ena mpaka ku Munali ku Lusaka. M'nthawi ya a Mwanakatwe ndi pamene boma linayamba kumanga masekondale m'maboma ambiri, ndipo University of Zambia inatsegulidwa mu 1966 iwo ali pa mpando umenewo. Pambuyo pake anakhalapo nduna ya zachuma, ndipo mu 1993 a Chiluba anawasankha kutsogolera komiti younika malamulo a dziko. Komitiyo inati malamulo atsopano avomerezedwe ndi msonkhano wa anthu ndi referendamu, koma boma linataya mfundo imeneyo pamodzi ndi zina zambiri, n'kudutsitsa zake ku nyumba ya malamulo mu 1996. Anamwalira mu 2009. A Mlonda, ameneyu mukhoza kumutchula paliponse.

MwanaWaMpezeni
Aphunzitsi, mukusankha okoma okhaokha. Tiyeni tinene ndi owawa omwe. Cecil John Rhodes. Kampani yake ya British South Africa ndiyo inatumiza asilikali ndi mfuti kudzathyola ufumu wa Inkosi ya Makosi Mpezeni kumayambiriro kwa 1898. Mwana wa mfumu, Nsingo, anamugwira n'kumuwombera. Midzi inatenthedwa, ng'ombe masauzande zinatengedwa. Tauni imene tikukhalamoyi anaitcha Fort Jameson potengera bwenzi lake la Rhodes, Leander Starr Jameson, ndipo inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Nc'wala yeniyeniyo inazima zaka zambiri, inadzabwerera mu 1980. Ndiye mukamawerenga a John, uyunso muwerengeni.

Mlonda_wa_Kapata
Ayi ameneyo ndamukana. Dzina lake loyamba ndi Cecil. John ndi lapakati. Akamutenge a Cecil.

AmakeTaonga
Ndikugwirizana ndi a Mlonda. Tikayamba kuwerenga maina apakati sitimaliza.

MwanaWaMpezeni
Chabwino. Ndasunga mawu anuwa.

Wa_ku_Mchinji
Ndaloleni ine mlendo wa kutsidya kwa Mwami ndiyankhulepo. Kwathu ku Malawi funso ili mwana wa sitandade 4 akhoza kuyankha: John Chilembwe. Anapita ku America mu 1897 ndi mmishoni Joseph Booth, anakaphunzira zaubusa ku Lynchburg, Virginia, ndipo atabwerako mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Chimene chinkamupweteka mtima ndi thangata wa m'minda ya azungu ku Magomero, ndiponso kutengedwa kwa anthu akuda kukafera pa nkhondo ya 1914 imene sinali yawo. Analemba kalata ku nyuzipepala kudandaula, sanamumvere. Pa 23 January 1915 anthu ake anaukira, ndipo iye anaphedwa pa 3 February. Lero pa 15 January ndi tsiku lake, sitigwira ntchito, ndipo nkhope yake ili pa K2000 yathu.

Koma chimene chingakusangalatseni a Mlonda ndi ichi. Mu 2022 ku Trafalgar Square mu London anaimika chiboliboli chosemedwa ndi Mmalawi, Samson Kambalu. Anachitengera pa chithunzi cha 1914 pamene Chilembwe waima ndi mnzake mmishoni wachizungu, onse avala zipewa, nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anamukuza Chilembwe kuposa mzunguyo. Mzunguyo dzina lake ndani? John Chorley. A John awiri anaima pamwala umodzi pakati pa London mpaka 2024.

Katete_Boy
K2000 yanuyo ku Mwami osintha ndalama amatipatsa yodzaza thumba, koma ukagula nayo fanta yatha.

Wa_ku_Mchinji
Nanga bwanji mumabwera kudzagula zitenje ndi nsomba kwathu? Khalani chete, achimwene.

Sisi_wa_Lundazi
A ku Mchinji mwatchula Chilembwe koma a John Tembo mwawalumpha mwadala.

Wa_ku_Mchinji
Sindinawalumphe, asisi, koma nkhani yawo imagawa anthu. Anali dzanja lamanja la Kamuzu zaka zambiri, anakhalapo gavanala wa Reserve Bank, kenaka mtsogoleri wa MCP. Anapikisana pa upulezidenti mu 2004 ndi 2009 osapambana, ndipo anamwalira mu 2023. Ukawatchula ku Dedza ena amavula chipewa, ukawatchula kwa amene abale awo anamangidwa nthawi ya chipani chimodzi nkhope zimasintha. Tisiyire pomwepo.

WokonzaNjinga_Navutika
Inu nonse mukupita kutali. Chipata ndi tauni ya chiyani? Njinga. Makala amabwera pa njinga, tomato wa kumadimba pa njinga, odwala kupita kuchipatala pa njinga, anyamata onyamula anthu amadyetsa mabanja ndi njinga. Tsono njinga ya mawilo awiri ofanana, ya tcheni chokoka wilo lakumbuyo, imene tikukwera leroyi, anaitulutsa ndi John Kemp Starley ku Coventry mu 1885, ankaitcha Rover. Zisanatero njinga zinali za chiwilo chachikulu kutsogolo, ukagwa unkayamba ndi mutu. Koma ya Starley matayala ake anali a mphira wouma wopanda mpweya. Mu 1888 dokotala wa ziweto wokhala ku Belfast, John Boyd Dunlop, anaona mwana wake akuvutika ndi kugwedezeka pa kanjinga ka mawilo atatu, ndiye anapanga tayala lopopa. Ine chubu chilichonse chimene ndimamata, mpunga umene ana anga amadya, ndi a John awiriwa. A Mlonda mukadutsa pa shedi yanga kupopa ndi ulere.

Katete_Boy
Kupopa kokha? Kumata ayi?

WokonzaNjinga_Navutika
Guluu sagulitsa ndi dzina.

Chadiza_Farmer
Mwandikumbutsa njinga za Eagle za ku fakitale yathu ya Luangwa Industries. Atate anali nayo, inkanyamula matumba awiri a chimanga osadandaula. Za masiku anozi felemu imapindika ndi thumba limodzi la feteleza. Ndipo poti tili pa zaulimi, thalakitala zobiriwira zija za John Deere ndi dzina la munthu weniweni, wosula zitsulo wa ku Illinois amene anapanga pulawo yachitsulo mu 1837.

WokonzaNjinga_Navutika
Za Eagle musayambe, ndingalembe mpaka mawa. Vuto la njinga za lero si felemu yokha, ndi masipoko. Amathyoka ngakhale wokwerayo ali wowonda.

Adimini
Abale, nkhani ya masipoko ikhale ndi tsiku lake. Tibwerere kwa a John.

MkuluWaMpingo_Madzimoyo
Zikomo a Adimini. Ine ndadabwa kuti tafika pano osatchula kumene dzinali linachokera kuti lifike m'midzi mwathu. Werengani Luka chaputala 1. Mwana atabadwa kwa Elizabeti, abale anasonkhana tsiku lachisanu ndi chitatu ndipo anafuna kumutcha Zakariya, dzina la atate wake. Mayi anakana, nati adzatchedwa Yohane. Abale anatsutsa kuti pa mtundu wawo palibe wa dzina limenelo. Kodi si mkangano womwewo umene timakhala nawo mwana akamatuluka m'chikuta, akuchimuna akufuna dzina la agogo awo, akuchikazi akufuna lawo? Anamufunsa Zakariya, amene anali wosalankhula nthawi imeneyo, iye n'kulemba kuti dzina lake ndi Yohane, pakamwa pake n'kutseguka. Yohane Mbatizi ameneyu anadulidwa mutu chifukwa chouza Herode kuti walakwa kukwatira mkazi wa mbale wake. Ndiye pali Yohane mtumwi, ndi Yohane wotchedwa Marko. Ife a Reformed tilinso ndi John Calvin wa ku Geneva, amene chiphunzitso chake ndicho chinafika ku Magwero mu 1899. A Methodist ali ndi John Wesley. Nyimbo ya Amazing Grace imene timaimba pamaliro ndi paukwati pomwe analemba ndi John Newton, munthu amene poyamba anali woyendetsa zombo za akapolo asanakhale m'busa. Mwana wanga John, nyimbo za m'mabala zisakusowetse tulo.

Mkatolika_wa_St_Anne
Akulu a mpingo, mwawerenga anu okha. Palibe dzina limene apapa alitenga kambiri kuposa ili. Papa John XXIII ndiye anatsegula msonkhano wa Vatican II mu 1962, ndipo chifukwa cha msonkhano umenewo Misa tinayamba kuimva m'Chinyanja, ng'oma n'kulowa m'tchalitchi. Papa John Paul II anafika muno m'Zambia mu May 1989, ku Lusaka ndi ku Kitwe, kenaka anapitirira ku Malawi. Pitani mukaone mabuku a ubatizo a chaka chimenecho, a John Paul ndi ambirimbiri.

MkuluWaMpingo_Madzimoyo
Ng'oma m'tchalitchi ndiye mukunyadira?

Mkatolika_wa_St_Anne
Makwaya anu a chigwirizano masiku ano akuvina kuposa ife, akulu. Tinangoyamba ndife.

Sisi_wa_Lundazi
Musaiwale a zovala zoyera. Johane Masowe ndi Johane Marange onse anayamba kulalikira ku Zimbabwe cha m'ma 1932, ndipo onse awiri dzina la Yohane anachita kudzitengera atakula, potengera Mbatizi. Anthu a Masowe ndi aja anatchuka ndi kuluka madengu ndi kusula zidebe, ambiri anakhazikika ku Marrapodi mu Lusaka. Mwini wakeyo anamwalirira muno m'dziko lathu, ku Ndola mu 1973.

Zandonda88
Ine ndikuona kuti tonse tikuzungulira pamalo olakwika. Bwanji mwana wa Mchewa, Mnsenga, Mngoni, Mtumbuka atchedwe John poyamba pomwe? Maina athu anatha? Chikondi, Dalitso, Tiyanjane, Kondwani, Mphatso. Tikudandaula kuti oimba akuseka dzina, koma dzinalo ndi lobwereka. Makolo athu anachita kuwakakamiza pa ubatizo ndi pa sukulu za amishoni. Ngakhale makomboni a ku Lusaka, John Laing, John Howard, George, mpaka lero akunyamula maina a azungu. Ine ana anga onse ndinawapatsa maina a kwathu ndipo palibe amene amawaimba pa geti.

AmakeTaonga
A Zandonda, pang'onopang'ono. Zoti ansembe ankafuna dzina la woyera pa ubatizo ndi zoona. Koma dzina likakhala pa mtundu mibadwo inayi, likadali lobwereka? Ambuya anga aamuna anali a Yohane, malume anga ndi a Joni, mwana wa mlongo wanga ndi John. Tikamutcha mwanayo sitiganiza za mzungu aliyense, timaganiza za nkhalamba ija inkatiwotchera chinangwa. Ndiponso maina a kwathu si onse opepuka. Funsani a Mabvuto, a Misozi, a Masiye, a Maliro mmene amamvera kuyenda moyo wonse atasenza chisoni chimene makolo anali nacho tsiku limene iwo anabadwa. Ndiye palinso aja oponyerana mawu pakati pa apongozi, a Tilekeni ndi a Mwandida. Mwanayo analakwa chiyani?

Zandonda88
Koma amenewo ali ndi nkhani ya pakhomo. Ukamva Masiye umadziwa chimene chinachitika. John akukuuza chiyani?

AmakeTaonga
Akundiuza kuti ndi mdzukulu wa a Yohane. Sizokwanira?

Mlonda_wa_Kapata
A Zandonda, langa ndinalandira kwa malume amene anapita ku migodi ya ku Joni nthawi ya WENELA. Anabwerako ndi sutukesi, wailesi ndi chifuwa chimene sichinapole. Amayi anati dzina lisafe. Sindingalitaye.

Katete_Boy
John wopita ku Joni. Oimba akamva izi amdala mwatha.

MphunzitsiWopuma
Ndiyankhe funso loyamba lija, chifukwa tonse tathamangira lachiwiri. Oimba ndi olemba satola dzinali chifukwa chodana nalo. Amalitola chifukwa ndi la aliyense. Ku England kwa zaka mazanamazana linali pakati pa maina ofala kwambiri a amuna, mwakuti mpaka lero ku America munthu wosadziwika dzina, kaya ndi mtembo kaya ndi wa pa mlandu, amamulemba kuti John Doe. Woimba akafuna kudzudzula mwamuna wachimasomaso safuna dzina lachilendo loti anthu aziti akunena uje wa pa msika. Amafuna dzina loti mkazi aliyense womvera aikepo nkhope ya mwamuna wake. Ife kuno tili nalo lathu logwira ntchito yomweyo, ndipo ndi Phiri. Nashil Pichen Kazembe ataimba A Phiri Anabwera, za munthu amene anakhalitsa m'tauni osatumiza kanthu kwawo n'kubwerera ndi sutukesi yopanda kanthu, sankanena Phiri mmodzi. Ankanena tonse amene tinapita ku migodi ndi ku Lusaka n'kuiwala kumudzi. Koma amene anavutika ndi kuimbidwa m'mabasi ndi a Phiri.

Phiri_wa_Sinda
Aphunzitsi mwandikhudza pachilonda. Atate anga akatsika basi pa Sinda ndi chikwama, anyamata ankayamba kuimba. A Mlonda inu mwavutika kuyambira 2020, ife kuyambira m'ma 1970. Bwerani tikuphunzitseni kupirira.

Mbuya_waku_Kasama
Ndipo anaimba ni mwana wa ku Luapula. Tinakuonani bwino ba Phiri.

VidiyoSho_90s
Zimene anena aphunzitsi zikuoneka bwino m'mafilimu. Amene tinakulira m'mavidiyo sho a ku Kapata, tikukhala pa mabenchi m'kachipinda kamdima jenereta ikulira panja, tiwerengeni akatswiri athu. Rambo dzina lake loyamba ndi John, kuyambira mu First Blood ya 1982. Arnold Schwarzenegger mu Commando ya 1985 ndi John Matrix. Bruce Willis mu Die Hard ndi John McClane. Mwana amene maloboti akumusaka mu Terminator ndi John Connor. Ana a lero ali ndi John Wick, amene anamaliza gulu lonse la zigawenga chifukwa cha kagalu. Olemba mafilimu amafuna kuti munthuyo aoneke wamba poyamba, woti ukhoza kumupeza pa sitolo, kenaka akaputidwa ndiye muone. Choncho a Mlonda, oimba amakunyozani koma a mafilimu amakuopani. Wina akadzaimbanso pa geti mungomuyang'ana osaphethira.

Sisi_wa_Lundazi
Kuphera anthu galu ndi chinthu chonyadira? Amuna inu.

VidiyoSho_90s
Galuyo anamusiyira ndi malemu mkazi wake, asisi. Onerani kaye.

RastaWaMchini
Si nyimbo zonse zonyoza. Johnny B. Goode ya Chuck Berry ya 1958 ndi ya mnyamata wa kumudzi wosadziwa bwino kuwerenga koma wodziwa gitala, amene amayi ake akumuuza kuti tsiku lina adzatchuka. Ife ambiri tinaidziwira kwa Peter Tosh, amene anaiimbanso mwa rege mu 1983. Ya Chuck Berry ija anaiika pa mbale ya nyimbo imene inakwezedwa pa zombo za Voyager mu 1977, ndipo pano zombozo zili kutali kupitirira mapulaneti onse. Ndipo ya Sho Madjozi ya 2019 simunaimvetse amdala. Mbali yaikulu ndi Chiswahili, ndipo sakunyoza John Cena. Akudandaula za mnyamata amene akuchita ngati sakumuona, potengera kachitidwe ka Cena kogwedeza dzanja kumaso. Cena mwini wake anasangalala nayo mpaka anakamudzidzimutsa mtsikanayo pa pulogalamu ya Kelly Clarkson. Munthu yemweyo ali m'buku la Guinness chifukwa chokwaniritsa zokhumba za ana odwala kwambiri zopitirira 650.

Chadiza_Farmer
Rasta watchula magitala koma wasiya mwini gitala. John Chibadura ndi Tembo Brothers! Kuno kumalire tinkamumva kwambiri, makaseti ankalowa kudzera ku Tete ndi ku Chanida. Ukwati wopanda Mudiwa Janet sunali ukwati. Anamwalira mu 1999 akadali ndi mphamvu zoimba.

Sisi_wa_Lundazi
Ndipo poti mwadzaza amuna okhaokha muno, dziwani kuti Janet, Jane, Joan ndi Joanna ndi dzina lomwelo mbali ya akazi. Chibadura ankaimbira adzina ake.

Mpira_Ni_Moyo
Nditchule mmodzi amene sitiyenera kumuiwala. John Soko, wotchinga kumbuyo wa Nkana ndi timu ya dziko. Anali m'gulu la osewera 18 amene anafera m'nyanja pafupi ndi Libreville usiku wa pa 27 April 1993, akupita kukasewera ndi Senegal. Anthu onse 30 a m'ndegemo anatha. Anagona pa Heroes' Acre pafupi ndi Independence Stadium. Tikamakumbukira timathamangira kutchula a Chitalu, a Chabala, a Kelvin Mutale, koma kumbuyo kwa timu ija kunali Soko. Pamasewera othamanga kuli John Akii-Bua wa ku Uganda, amene anatenga golide ku Munich mu 1972 pa mamita 400 odumpha zotchinga, mpikisano womwewo umene Samuel Matete wathu anadzakhala katswiri wa dziko lonse mu 1991.

NyinaWaMwayi
Ine ndimangowerenga, sindilembalemba, koma apa ndilankhule. Mwana wanga wachiwiri ndi wachialubino. Kwa ine John woposa onse ndi John Chiti. Munthu ameneyu atate ake anamukana atangobadwa chifukwa cha khungu, anakula akusekedwa, koma anadzaimba mpaka dziko lonse kumudziwa, ndipo anayambitsa bungwe loyankhulira anthu achialubino. Filimu ya Can You See Us inatengera pa moyo wake ndipo mu 2023 inalowa pa Netflix. Tinaonera pa foni ndi mwana wangayo. Kuno kum'mawa mukudziwa mantha amene timakhala nawo, mwana sitimutuma yekha kumsika dzuwa likapendeka. Kusukulu anzake ankamutcha maina oipa, koma filimuyo itamveka ena anayamba kumutcha Chiti, ndipo iye amavomera mokondwa. Tsono a Mlonda, kuimbidwa pa geti n'kotopetsa, sindikutsutsa, koma kulipo kutchulidwa kopweteka kuposa apo.

Mlonda_wa_Kapata
Amayi, ndamva. Mumupatse moni mwanayo, ndipo chipewa ndi mafuta a padzuwa asamasiye.

Mbuya_waku_Kasama
Apa na ine nilibe nthabwala. Mulungu amusunge.

Katete_Boy
Funso lina. Ngati dzinali ndi lamphamvu chonchi, bwanji silinalowe ku State House? Kenneth, Frederick, Levy, Rupiah, Michael, Edgar, Hakainde. John palibe. Ku Malawi a Tembo anayesa kawiri, zinakanika.

MphunzitsiWopuma
Ku England nakonso mfumu John inakhalapo imodzi yokha, ija anaikakamiza kuvomera Magna Carta mu 1215, ndipo chichokereni iyo palibenso ina. Koma Tanzania inali ndi John Pombe Magufuli kuyambira 2015 mpaka imfa yake mu 2021, ndipo America inali ndi John Kennedy.

AmakeTaonga
Pitani ku Ghana mukaone zodabwitsa. John Kufuor kuyambira 2001 mpaka 2009. Anamulowa m'malo John Atta Mills, amene anamwalira ali pa mpando mu 2012. Wachiwiri wake amene anatenga mpandowo, John Mahama, mpaka 2017, ndipo anabwereranso mu January 2025. Zipani zosiyana, dzina limodzi. Ndipo asanabwere onsewa kunali Jerry John Rawlings. A John anayi motsatizana!

Mlonda_wa_Kapata
Anayi! Ndiye ine ndikuchita chiyani pa geti muno? Basi ya ku Accra imanyamukira pati?

MwanaWaMpezeni
Imani pomwepo. AmakeTaonga, Rawlings dzina lake loyamba ndi ndani?

AmakeTaonga
Iii, a Ngoni inu.

MwanaWaMpezeni
Jerry. John ndi lapakati. Muja munati maina apakati sitiwerenga, a Mlonda n'kunena kuti Rhodes akamutenge a Cecil. Tsopano poti Rawlings wakukomerani mwamulowetsa pa mndandanda, a Mlonda n'kuwomba m'manja. Akalowa Rawlings, Rhodes nayenso walowa. Ndiye a Mlonda, adzina anu anatenga ng'ombe za makolo athu mu 1898 ndipo mpaka lero sizinabwerere. Nc'wala ili Loweruka lomaliza la February ku Mtenguleni. Mubwere nazo, tidzakudikirani pa bwalo.

Mlonda_wa_Kapata
Ine ndili ndi nkhuku zinayi ndi tochi. Mlanduwo mukautule kwa a Mahama, ndiwo ali pa mpando.